Anganga anakana kulandira shuga ndili chiimirire

Msonkhano wa kuntchito unachitikira ku Liwonde, ndipo Lachisanu tinaweruka dzuwa lisanafike paliwombo. Anzanga anali atalongedza kale zikwama m'mawa, moti pemphero lotsekera lisanathe n'komwe dalaivala anali ataliza injini. Ankafuna kudutsa pa Lizulu kukadawala kuti agule tomato ndi mbatata. Ine ndinawauza kuti atsogole, ndiwapeza Lolemba ku ofesi.

Kuchokera pa Liwonde kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 50 basi, ndipo ine ndinakulira ku Zombako. Bambo anga anali kalaliki m'boma. Amene munakulira m'nyumba za anthu a ntchito za boma mukudziwa mmene zimakhalira: tauni imene munaphunziriramo kuyenda, kumenyana ndi kufunsira mbeta siiwerengedwa kuti ndi kwanu. Kwanu ndi kumudzi kuja mumapita pa holide n'kumakadwala m'mimba. Bambo atapuma pantchito anabwerera ku Ntcheu, m'nyumba ya lendi ya ku Chinamwali munalowa anthu ena, ndipo chondipititsa ku Zomba chinatheratu. Kulibe munda wathu, kulibe manda athu, palibe amene angandiitanire ukwati. Zaka zinangodutsa.

Ndiye tsiku limeneli ndinati ndikaone. Ndondomeko ndinailemba ndithu mufoni, monga timachitira anthu a ku Lilongwe: kuzungulira m'tauni, kukapereka moni kwa Anganga mwachidule, kukwera phiri kukajambulitsa pa Emperor's View dzuwa likamalowa, kugona, Loweruka m'mawa kubwerera. Pa zonsezi, phiri sindinakwere.

Tauni imene boma linasamukamo

Minibasi inadzaza pa nthawi yake, osati yanga. Tinadutsa Machinga, Malosa, Domasi, Songani, tikuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pena tikweze thumba la mpunga, pena tidikire mayi amene akutsanzikabe abale ake kutsidya kwa msewu. Amene ankayang'ana wotchi m'galimoto yonseyo ndinali ine ndekha.

Nditatsika pa depoti ndinayambira mumsika. Fungo ndi lomwe lija: matemba a ku Chilwa, anyezi, utsi wa chiwaya. Anyamata a kuphiri anandizungulira ndi timbale ta masitirobere, poganiza kuti munthu wovala nsapato zotere ayenera kuti ndi mlendo. Matelala ali pamakonde a masitolo, abambo a bawo ali pansi pa mtengo. Ndinakwera msewu wopita kumtunda, kudutsa nyumba zakale za njerwa zofiira za nthawi ya atsamunda, mpaka kukafika ku nyumba yakale ya malamulo ndi ku munda wa maluwa uja wa m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Ola silinakwane, tauni yonse ndinali nditaiyenda wapansi. Ku Lilongwe ola limenelo ndimakhala ndikadali pakati pa Area 25 ndi Kanengo.

Kudekha kwa Zomba kuli ndi chiyambi chake, ndipo chiyambicho si mtima wa anthu ake. Kamuzu atatsimikiza zosamutsa likulu, ndalama zoyambira ntchito n'kukongola ku South Africa, maunduna anayamba kunyamuka, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu la dziko. Nyumba ya Malamulo inatsalira mpaka mu 1994, kenaka nayonso inatsatira anzake. Ndikukumbukira ndili mwana, aphungu akafika m'tauni ngakhale wogulitsa nthochi ankadziwa, chifukwa zinthu zinkatha msanga pamsika. Zimenezo zinapita. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mumzinda wa Zomba, pamene mumzinda wa Lilongwe munali pafupifupi 990,000.

Taonani zimene zinatsala. Yunivesite, imene inabwera kuchokera ku Blantyre mu 1973. Asilikali a ku Cobbe Barracks. Ndende yaikulu. Chipatala cha matenda a maganizo. A mayeso a MANEB, a kalembera a NSO, osindikiza mabuku a boma, osunga zikalata zakale. Ndikuyenda pansi pa mibawa ija ndinayamba kuseka ndekha, chifukwa pafupifupi malo onsewa ntchito yawo ndi kudikira. Wina akudikira semesita ithe, wina zotsatira za mayeso, wina tsiku lotuluka m'ndende, wina kalembera amene amabwera kamodzi pa zaka khumi. Ndalama zimalowa m'tauni muno pakutha pa mwezi, komanso ophunzira akatsegulira. Akatsekera, eni nyumba za ku Chikanda ndi amayi ogulitsa mandasi ndi amene amayamba kumva.

Koma masana amenewo sindinaganize mozama choncho. Ndinakhala pa mwala m'mbali mwa mtsinje, mphepo yozizira ikutsika m'phiri, ndinajambula madzi, n'kuika pa status ya WhatsApp ndi mawu akuti kuno ndiye kuli moyo. Anzanga a ku ofesi, ali m'galimoto cha ku Balaka, anayankha kuti tikadzapuma pantchito tonse tidzamanga komweko.

Odi kuno

Cha m'ma 3 koloko ndinagula shuga, sopo ndi mafuta ophikira, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kubwerera ku Chinamwali. Anganga si agogo anga obereka makolo anga. Anali eni nyumba yoyandikana ndi yathu, ndipo mzere wonse unkawatchula choncho. Amayi akapita kumaliro ku Ntcheu, ife tinkadya kwa iwowa. Dzino langa loyamba anandizula ndi iwo, ndi ulusi wosokera.

Wa kabaza ndinamuuza kuti andidikire. "Mphindi khumi zokha, achimwene. Ndingopereka katunduyu."

Nyumba ndi yomwe ija, kungoti malata anasintha. Mtengo wa mango umene tinkakwera anaudula, pamalo pake pali tizipinda ta lendi. Ndinati odi, mawu anachokera kuseri akuti fikani. Ndinawapeza pamkeka, miyendo atatambasula, akusankha nyemba mu lichero. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatchula dzina la amayi anga, osati langa, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Ndinawerama, ndinawapatsa dzanja, ndipo ndisanawongoke n'komwe ndinali nditatambasula jumbo ija.

"Anganga, ndangodutsa. Ndimati ndikuoneni pang'ono. Kanthu aka mumwere tiyi."

Manja awo sanachoke mu lichero.

"Akutumani ndani?"

"Palibe, Anganga. Ndabwera ndekha."

"Ndimayesa ndinu a bungwe. A bungwe ndi amene amabwera ndi jumbo, injini ikulira kumsewu, kutilemba maina, kutijambula, n'kumapita. Ngati ndinu a bungwe, ikani pomwepo, mundipatse pepala ndidinde chala. Ngati ndiwe mwana wa mnzanga uja, khala pansi."

Ndinakhala pansi, thalauzi la msonkhano lomwelo.

Anaitana kamdzukulu kena kamene kankatisuzumira pakona. "Pita ukamuuze wa njingayo azipita. Ali ndi ana ofuna kudya, asataye tsiku pakhomo panga." Ndinakapatsa ndalama ya ulendo kamwanako, ndipo ndinamva njinga ija ikulira, ikutalikira, pamodzi ndi Emperor's View yanga.

Kenaka malonje. Ndinali nditaiwala kuti malonje alibe njira yachidule. Ndinayesa kudumpha.

"Kunyumba onse ali bwino."

"Onse ndani?"

Tinayamba mmodzimmodzi. Bambo, ndi mwendo wawo umene umatupa nthawi yozizira. Amayi, ndi kwaya yawo. Mlongo wanga wa ku Mzuzu, ana angati, wamkulu ali kalasi yanji. Akazi anga, amene Anganga sanawaonepo: kwawo n'kuti, ndi anachiyani, makolo awo alipo? Ndikayankha mwachidule ankangokhala chete, akusankha nyemba, mpaka ine ndekha ndione kuti yankho silinakwane. Ndinadzimva ndikunena zinthu zimene sindinauzepo munthu ku Lilongwe, osati chifukwa ndi zachinsinsi, koma chifukwa palibe amene anakhalapo chete nthawi yokwanira kuti ndifike pamenepo.

Itafika nthawi yawo, anayambira pamene tinasiyanirana. Amene anamwalira mumzere muja anawatchula mwa ndondomeko yake, aliyense ndi matenda ake ndi kumene anakaikidwa. Anafotokoza za chaka cha 2018 pamene nyanja ya Chilwa inaphwa, matemba n'kusowa, mwana wawo wamwamuna amene ankachita geni ya nsomba n'kugulitsa njinga kupita ku Joni. Anafotokoza za namondwe wa Freddy mu March 2023, mvula yosakata usana ndi usiku, madzi akutsika m'phiri, khoma la khitchini likugwa iwo akumva ali m'nyumba. Sanafulumire paliponse. Pofika pa imfa ya mnzawo wina wa kumpingo anasiya kusankha nyemba, tinakhala chete pang'ono, kenaka anapitiriza.

Foni inanjenjemera kawiri m'thumba, ndinaisiya. Kachitatu anati, "Iyankhe, mwina kuli maliro."

Anali munthu wa ku ofesi, akufunsa ngati lipoti la msonkhano umene unali utangotha m'mawa womwewo lingafike lisanathe tsiku.

"Watisiya ndani?" anafunsa nditadula.

"Palibe, Anganga. Ndi za kuntchito."

"Oho."

Nthawi yomweyo ndinamva phokoso kuseri kwa khitchini, ana akuthamanga, nkhuku ikulira. Aliyense wokulira m'dziko muno amadziwa kuti ukamva zimenezo uli mlendo, nkhani yonyamuka yatha. Ndipo inali nkhuku yachikuda, yosapsa ndi moto wa changu. Jumbo ija anadzailandira dzuwa litapendeka, ndi manja awiri, n'kuthokoza mwaulemu wonse, ngati kuti ndangoitulutsa kumene.

Nkhuku ili pamoto

Tikudikira, anandifunsa funso limene poyamba ndinaliyesa chipongwe, koma ankafunadi kudziwa. "Kodi kumeneko mumathamangira chiyani?"

Ndinawafotokozera tsiku langa. Kudzuka kukadali mdima kuti nditunge madzi m'zigubu, chifukwa kumpopi amakonda kubwera usiku. Kutuluka 6 koloko isanakwane, apo ayi mzere wa magalimoto a pa M1 undipeza. Kusiya ana kusukulu akuyasamula. Nkhomaliro kudyera pa desiki, dzanja lina lili pa kompyuta. Kubwerera kunyumba kutada, ana atagona kapena akuwodzera. Ndinawauza za msewu wodutsana m'mwamba wa pa Area 18 umene anatsegula mu 2020, ndi misewu yatsopano ya mizere isanu ndi umodzi, imene imakufikitsa msanga pamalo pamene mzere wayambira.

Ndinawauza kuti chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro safika pakati pa mwezi, ndiye aliyense ali ndi kageni kapambali. Wina mazira, wina zovala za pa status, wina galimoto yake imasanduka takisi akaweruka. Loweruka ndiye losakambika: chinkhoswe ku Area 47, ukwati ku Area 3, bridal shower kwinanso, zonse tsiku limodzi. Umafika, kudikira aitane gulu lako pa perekaniperekani, kuvina nyimbo imodzi ukuponya ndalama, kuonetsetsa kuti mwini wake wakuona, n'kutulukira khomo lakumbali. Maliro akachitika, chipepeso chimapita pa Mpamba kapena Airtel Money, iwe n'kukaonekera kutchalitchi.

Chimene chinawagwira mtima ndi mizere ya mafuta. Ndinawafotokozera mmene timagonera pa filling station, mmene timatsatirira thanki ya mafuta pa magulu a WhatsApp, wina akulemba kuti yadutsa pa Biwi, wina kuti yakhota.

"Ndiye pamzerepo mumacheza ndi ndani?"

"Palibe. Aliyense amakhala m'galimoto mwake, magalasi atatseka, ali pafoni."

"Usiku wonse?"

"Usiku wonse."

Anapukusa mutu, n'kuuza mtsikana wina kuti asonkhezere moto.

Ndikulankhula choncho ndinayamba kuwerengera ndekha mumtima. Pa maola amene ndimati ndikuthamanga, ambiri ndimakhala nditakhala pansi, ndikuyang'ana kumbuyo kwa galimoto ya munthu wina. Pamsewu kudikira, ku banki kudikira, pa mafuta kudikira, magetsi kudikira. Mwina ndimadikira kuposa Anganga. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo podikira nkhuku manja ali mu nyemba, pambali pali munthu, ndipo nkhukuyo pamapeto pake ipsa. Ine ndimadikira mtima uli m'mwamba, ndili ndekha, ndikutukwana wa kabaza amene wandidula kutsogolo.

Tinadya kutada, nyali ya sola ili pawindo. Nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, nkhuku ija, nthutumba ataiika pambali panga. Ndinadya ndi mdzukulu wawo wamkulu, mnyamata wamtali wosalankhulalankhula, amene ndi iyeyo anazinga nkhuku. Pamene ndinkasamba m'manja nkhani ya pa blog inali itatha kale kulembedwa m'mutu mwanga, ndipo inali nkhani imene mukuiyembekezera: ku Zomba anthu akadali anthu, ku Lilongwe tinasochera, tiyeni tibwerere.

Pondiperekeza

Anganga anauza mnyamata uja kuti andiperekeze mpaka pamsewu. Tinayenda m'tinjira ta pakati pa nyumba, iye patsogolo ndi tochi ya foni. Ine, mimba itakhuta, mtima uli m'malo, ndinati: "Mphwanga, uli ndi mwayi iwe. Kuno kuli mtendere. Ndikanakhala ndi njira ndikanabwerera mawa lomwe."

Anayenda kaye osayankha. Tinadumpha ngalande.

"Ankolo, musandiyese wamwano," anatero. "Mukadzabwerera, mudzabwere ndi malipiro anu a ku Lilongwe. Musadzawasiye."

Ndinaseka, koma iye sanaseke.

"Inu mwakhala pamkeka paja masana amodzi, mwati mwapuma. Ine ndakhalapo kuyambira tsiku limene ndinavula gauni."

Sindinkadziwa kuti ali ndi digiri. Anganga anali atanena pa malonje kuti anamaliza sukulu, ine n'kumva ngati Fomu 4. Tinaima pansi pa mtengo wina pafupi ndi msewu, minibasi zikudutsa, ndipo anandifotokozera mmene sabata yake imayendera. Masiku ena amaphunzitsa pa kasukulu kena kapulaiveti kamene kamalipira makolo akalipira. Masiku ena amakhala m'kabenchi ka mnzake kotumizira ndalama pafoni. Zotsalazo ndi kudikira Lachisanu kapena Loweruka kuti aone ntchito m'nyuzipepala ya munthu wina, kugula bandulo, kutumiza makalata.

Chimene sindinkachiganizira n'komwe ndi mtengo wa kuitanidwa. Malikulu a maunduna, mabungwe ndi makampani ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Akakuimbira Lachitatu madzulo kuti Lachisanu 8 koloko ukhale ku City Centre, munthu wa ku Area 25 amangosita shati. Wa ku Chinamwali ayenera kupeza thiransipoti ya makilomita pafupifupi 290 kupita, ina yobwerera, pogona, ndi chakudya. Ndalama imeneyo Anganga amakatenga ku banki m'khonde, pa dzina lawo. Mnyamata amapita, amayankha mafunso kwa mphindi makumi awiri, amabwerera, foni n'kukhala chete. Ngongole yokha ndi imene siikhala chete.

Anandiwerengera anzake a m'kalasi. Uje ali ku Lilongwe, amagona kwa azakhali ake ku Kawale. Uje ali ku Limbe. Awiri ali ku Joni. Wina anapita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, pa ulendo uja unayamba chakumapeto kwa 2023. "Amene tatsala kuno, ankolo, sikuti tinasankha mphepo yabwino."

Kenaka anaseka, koyamba usiku wonsewo. "Ndipo nkhuku mwadyayo inali yoti ndikagulitse Lolemba. Tsiku la banki ndi Lachiwiri." Ataona nkhope yanga anafulumira kunena kuti ndisadandaule, Anganga sakanalola kuti mwana wa mnzawo adye nyemba, ngakhale kukanakhala kuti nkhukuyo ndi yomaliza. Anandichenjezanso kuti ndikayerekeza kubwerera kukawapatsa ndalama ya nkhuku, ndisadzapondenso pakhomo paja. Tinagwirizana kuti ndimutumizire iyeyo pafoni, akanene kuti kusukulu kuja alipira.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ine mvula ndinkailira ndili pakhonde la mwini, matope akuponda ena.

Loweruka m'mamawa

Ndinagona pa resitihausi ina m'tauni. Thupi lozolowera zigubu linandidzutsa kukadali mdima, ndipo posowa chochita ndinatuluka kuyenda cha kumsewu wokwera kuphiri.

Kumeneko ndi kumene ndinaona Zomba amene sindinamuone dzulo lake, ngakhale ndinakulira momwemo. Abambo akutsika ndi njinga zosenza nkhuni zoposa msinkhu wawo, osakwera, atagwira mabuleki, mapazi akukhwekhwereza pa tala kuti katundu asawakokere kuphompho. Amayi atasenza mitengo yaitali ya paini pamutu, akutsika chothamanga pang'onopang'ono, chifukwa ndi katundu wotere ukaima suyambanso. Ena akutulukira m'kanjira kaja ka Potato Path ndi madengu a mbatata ndi zipatso. Kumsika anthu a nsomba anali atafika kale kuchokera ku Kachulu. Ndipo ndinakumbukira kuti ku Chinamwali, ndili mwana, chimene chinkatidzutsa sanali tambala, inali nyundo za amayi oswa miyala.

Anthu amenewa amathamanga kuposa aliyense wa ku Capital Hill. Kungoti pofika 9 koloko liwiro lawo latha, katundu wafika, atsala ndi kukhala pambali pake kudikira wogula. Mlendo amadzuka mochedwa, amamwa tiyi, amatsika m'tauni masana, amapeza anthu atakhala pamthunzi, n'kujambula. Ndinakweza maso kuyang'ana phiri kutayera, ndipo malo ambiri amene ndinawasiya ali bii ndi paini tsopano ndi udzu ndi zitsa. Damu la Mulunguzi limene tauni yonse imamwa lili pamwamba pomwepo. Mitengo imeneyo siinathe chifukwa cha anthu odekha.

Pano ndinene maganizo anga, ena akwiye. Ife a ku Lilongwe timakonda matauni ngati Zomba, Nkhotakota kapena Dedza mmene alili chifukwa timafuna pokapumira. Tikamva kuti kukumangidwa chinachake timadandaula kuti awononga kukongola. Koma ofesi zathu sitingalole kuti zisamukire kumeneko, ndipo ana athu sitingawatumize kukafuna ntchito kumeneko. Zomba anaipatsa ulemu wotchedwa mzinda mu 2008. Ulemuwo sunabwere ndi malo a ntchito. Dziko likaunjika chilichonse m'mizinda iwiri, kwinako kumakhala bata, ndipo a m'mizinda iwiriyo amapanikizana mpaka kuyamba kusirira bata limene anapanga okha.

Komabe sindikufuna mnyamata uja awine mlandu wonse. Anganga nawonso ananena zoona, ndipo zoona zawo sizidalira kuti boma laika likulu kuti. Palibe mzere wa magalimoto umene unandiimika chiimirire pamaso pa mayi amene anandizula dzino. Wa kabaza sanali kundithamangitsa. Lipoti lija ndinalitumiza Lolemba masana, ndipo amene ankalifunayo analitsegula Lachinayi. Changu china ndi chenicheni, cha lendi ndi fizi. China timangochivala, chifukwa ku Lilongwe munthu wooneka kuti ali ndi nthawi amayesedwa wosafunika. Mukakumana ndi mnzanu n'kumufunsa kuti zikuyenda bwanji, akayankha kuti "kutanganidwa, amwene," amakhala akukuuzani kuti zake zili bwino.

Pabalaza pathu

Nditabwerera ndinayesako malonje ku Area 25. Pali bambo wina woyandikana naye nyumba amene kwa zaka zonsezi moni wathu wakhala hutala ya galimoto pa geti. Lamulungu lina masana ndinagogoda, ndinalowa, ndinakhala pampando wopanda nkhani iliyonse. Ndinafunsa za kumudzi kwawo, za makolo, za ana mmodzimmodzi. Anayankha mwaulemu, maso akupita ku wailesi ya kanema, akubwera kwa ine, akupitanso. Patapita kanthawi anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Achimwene, ingonenani. Kungoti mwezi uno nanenso zandivuta." Ankayesa ndabwera kudzakongola ndalama. Tinaseka mpaka akazi awo anatuluka kukhitchini kudzaona, ndipo chichokereni tsiku limenelo timakhalako pakhonde nthawi zina, ngakhale kuti mpaka lero ndikuganiza kuti akudikirabe tsiku limene ndidzatchule chimene ndikufuna.

CV ya mnyamata uja ili mufoni mwanga. Ndaitumiza kwa anthu angapo, ena anayankha ndi chala chokweza, ena sanayankhe. Sabata yatha anamuitana ku mayeso a ntchito ku bungwe lina, ndipo ulendo uno sagona pa depoti. Ndinakambirana ndi akazi anga, amene anafunsa funso loyenera, lakuti akubwera masiku angati. Ndinati awiri. Anandiyang'ana, chifukwa tonse tikudziwa kuti nafenso tinafika mu mzinda uno pa masiku awiri a pabalaza pa munthu wina. Matiresi tabwereka, tiika kuseri kwa sofa.

Anganga anatumiza uthenga kudzera mwa iye kuti abwera ndi mpunga wa ku Domasi, ndipo ndisayerekeze kumulipira. Iye mwini anandilembera usiku wapitawu kufunsa minibasi yoti akwere akatsika pa depoti, komanso nthawi yoti adzadzuke kuti 8 koloko idzamupeze ali ku City Centre. Ndinamuuza kuti 4:30, ndipo asambe msanga madzi asanasiye. Anayankha ndi tinkhope toseka titatu. Akuganiza kuti ndikuchita nthabwala.